Kumene kulibe lamulo amalamula ndani?

Phunziro la sabata ino
Mavesi owerenga: Oweruza 17 mpaka 21, Numeri 27:1-11, Aroma 13:1-7

 Phunziro la lero ndi lalitaliko. Ngati malaiti apita ndipo batire yatsala pang'ono, lisungeni muwerenge mukatchaja foni, koma musalidumphe.

Pali mawu amene timamva kawirikawiri muno mu komboni, ndipo ena a ife timawakamba titangotuluka kumene mu tchalitchi: "Boma ni ya chani? Ise tili na Mulungu." Wina amawonjezera ati, "Malamulo ni ya ba ku Kabulonga, kuno aliyense azionela yekha." Munthu wokamba choncho musamuweruze msanga. Watopa. Mvula ikagwa madzi amafika mpaka pa bedi, zinyalala zimaunjikana miyezi, ndipo akuluakulu ena amaoneka nthawi ya kampeni chabe atanyamula zitenje. Koma maganizo amenewa akakhazikika mu mtima wa mkhristu, oyamba kupwetekeka ndi ife tomwe osauka. Ndiye tiyeni tiione bwino nkhaniyi, tiyambire pa nthaka imene tapondapo.

Misisi inayamba bwanji

Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935. Amene anajambula mapulani a mzinda anaganizira nyumba za azungu, maofesi a boma ndi misewu ya mitengo m'mbali. Munthu wakuda ankamuona ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito, woyenda ndi chitupa, wobwerera kumudzi ntchito ikatha. Koma anthu anabwerabe, ndipo anafunika pogona. Anamanga pa mafamu a azungu ndi m'makampu a makontilakita. N'chifukwa chake makomboni athu ena ali ndi maina a anthu: John Laing ndi John Howard anali makampani omanga, George anali mwini malo. Akuluakulu amatiuzanso kuti dzina la Misisi linachokera kwa mzimayi wachizungu mwini malo ano, amene antchito ankangomutchula kuti "Misisi". Maenje aakulu amene lero adzaza madzi, monga damu la Ngwenya, anakumbidwa ndi ophwanya miyala yomangira. Miyala inapita ku tauni, maenje anatsala ndi ife.

Ufulu utabwera mu 1964 chitupa chinatha ndipo anthu anakhamukira mu Lusaka. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lotchedwa Housing (Statutory and Improvement Areas) Act. Lamuloli linalola khonsolo kuvomereza makomboni amene kale ankatengedwa ngati osaloledwa, ndi kupatsa anthu chikalata chokhalira pa malo zaka 30, chija timati occupancy licence. Ndi ndalama za World Bank, ku Chawama, George, Chaisa ndi Chipata kunalowa misewu ndi mipopi ya madzi. Kalingalinga anakonzedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Misisi, ngakhale ili pakhomo penipeni pa tauni, inatsalira.

Manje funso ndi ili: zaka zonse zimene boma linali kutali, kodi muno munalibe wolamula? Analipo. Nthawi ya UNIP, puloti mu komboni unkaipeza kwa a chairman a chipani. Zipani zinasintha, a chairman anasintha malaya, koma kagawidwe kanakhalabe komweko. Makada anafika mpaka potolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a basi, ntchito imene lamulo linapereka kwa khonsolo. Puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri. Njira ya madzi kugulitsidwa ngati puloti. Mukakangana, wopambana anali wodziwana ndi akuluakulu, kapena wokhala ndi anyamata ambiri a mphamvu kumbuyo kwake.

Gwirani ichi, chifukwa phunziro lonse latsamira pamenepa. Mpando wa ulamuliro sukhala wopanda munthu. Lamulo likachokapo pamakhala wa ndalama, wa chikwanje kapena wa pakamwa. Ameneyo simunamusankhe, simungamuchotse, ndipo palibe ofesi imene mungakamusumire.

Olo kumudzi kumene makolo athu anachokera sikunali kopanda dongosolo. Kunali mfumu, kunali bwalo, kunali ankhoswe. Mlandu wa malire a munda unkakambidwa poyera, mbali zonse ziwiri zilipo. Mu tauni tinabwera a mitundu yonse, Achewa, Ansenga, Abemba, Atonga, Alozi, mfumu ya wina si mfumu ya mnzake. Chotigwirizanitsa ndi lamulo limodzi la dziko.

Buku la Oweruza

Machaputala asanu omaliza a buku la Oweruza ndi ovuta kuwerenga, ndipo si kawirikawiri kumva akulalikidwa. Awerengeni sabata ino. Wolemba amatikumbutsa kanayi konse kuti masiku amenewo mu Israyeli munalibe mfumu, ndipo kawiri amawonjezera kuti munthu aliyense ankangotsata maganizo ake. Poyamba zimamveka ngati ufulu. Onani zimene zinatuluka.

Munthu wina dzina lake Mika anaba siliva wa amayi ake, kenako siliva yemweyo anapangira fano, nalemba ntchito Mlevi kuti akhale wansembe wa pa nyumba pake. Anabwera amuna 600 a fuko la Dani ndi zida, analanda fano, anatenga ndi wansembe yemwe. Mika atawathamangira kukadandaula, anamuopseza kuti akapitiriza phokoso aphedwa pamodzi ndi banja lake. Anabwerera kunyumba chimanjamanja, poti anaona kuti anali amphamvu kuposa iye. Kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa ife? Adani aja anapitirira nakawononga mzinda wa Laisi, anthu a mtendere amene analibe wowalanditsa. Chaputala 19, mzimayi anagwiriridwa usiku wonse mu mzinda wa Gibeya, m'mawa anapezeka ali gone pakhomo. Pofuna kubwezera, mafuko anamenyana mpaka fuko la Benjamini linatsala ndi amuna 600 okha. Pofuna kukonza zimenezo, anakaba atsikana amene ankavina pa chikondwerero ku Silo.

Chondiopsa ine pa nkhaniyi ndi chakuti anthu amenewa sanali akunja. Anali anthu a pangano. Nyumba ya Mulungu inalipo ku Silo. Chaputala 20 chimati analira, anasala kudya, anapereka nsembe. Mapemphero analipo maningi, koma woweruza mwachilungamo ndi woletsa wamphamvu panalibe, ndipo amene analipira anali akazi, alendo ndi ofooka. Ife a Pentekoste timakonda overnight, ndipo tisaisiye. Koma Mulungu yemweyo amene amayankha ndi moto anatuma Yetero kukauza Mose kuti asankhe anthu okhulupirika, odana ndi ziphuphu, oyang'anira anthu 1,000, 100, 50 ndi 10, kuti milandu iziweruzidwa (Eksodo 18). Bwalo la milandu linachokera kwa Mulungu, si nzeru ya satana iyayi.

Chimbudzi chako, chitsime changa

Malamulo sanaikidwe chifukwa cha akuba okha. Olo tonse muno tikanakhala obadwanso mwatsopano, tikanawafunabe. Taonani nkhani ya madzi.

Pansi pa mbali yathu ino ya Lusaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Chimbudzi cha dzenje chikadzaza nthawi ya mvula, zonyansa zimadutsa m'ming'alu muja n'kukalowa mu chitsime cha neba, nthawi zina cha munthu wa nyumba zingapo kutsogolo amene simunamuonepo. Wokumba chimbudzi alibe chiwembu. Wokumba chitsime alibe chiwembu. Koma mwana akutsegula m'mimba. Ndani angauze onse awiri pokumba ndi posakumba, ngati si ulamuliro umene onse awiri amaumvera?

Mulungu anaziika zimenezi mu Chilamulo. Deuteronomo 23:12-14 imalamula kuti malo odzithandizira akhale kunja kwa msasa, ndipo munthu azikwirira. Deuteronomo 22:8 imalamula womanga nyumba kuika kampanda pa denga kuti wina asagwe. Lero tingati ndi malamulo a zaumoyo ndi a kamangidwe, ndipo ali mu buku lomwelo limene muli malamulo khumi.

Tonse tikukumbukira kolera ya kumapeto kwa 2017 ndi kuyamba kwa 2018. Boma linachotsa ogulitsa m'misewu, linatuma asilikali kukayeretsa tauni, linachedwetsa kutsegula masukulu, ku Kanyama anaika lamulo loti anthu asayende usiku, ndipo m'madera ena ngakhale mapemphero anaimitsidwa. Zinawawa, makamaka kwa amayi amene chakudya cha ana chimachokera pa tebulo la tomato la tsiku limenelo. Ku Kanyama kunabuka chipolowe. Akhristu ena anati boma likulimbana ndi Mulungu. Ine ndikuti ayi. Kachirombo ka kolera sikafunsa ngati dzanja limene mwagwirana nalo ndi la dikoni. Inabweranso mu October 2023, ndipo mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anakhala otseka mpaka February, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Ena mwa amene mukuwerenga munaika maliro a m'nyumba mwanu nthawi imeneyo, Ambuye apitirize kukutonthozani.

Komanso tinene zoona mbali inayo. Boma lofika ndi asilikali matenda atabuka kale lagwira theka la ntchito yake. Theka lina ndi ngalande, mipopi ndi kutola zinyalala matenda asanabwere. Mu 2010 madzi atasefukira, mabanja a kuno ndi a makomboni oyandikana nafe anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Ngalande yochotsa madzi mu Misisi singakumbidwe ndi banja limodzi, olo ndi mpingo umodzi, chifukwa iyenera kudutsa pa mapuloti a anthu ambiri ndi kukathira kutali. Pamafunika wina wokhala ndi mphamvu yotolera msonkho kwa onse ndi youza womanga pa njira ya madzi kuti apa ayi. Ndiyo ntchito ya boma, ndipo ndi chifukwa chake tili ndi ufulu woifunsa.

"Kawalala! Kawalala!"

Mawu amenewa akamveka mu komboni, mukudziwa zimene zimachitika. Anthu amatuluka ndi miyala, matabwa, wina wathamangira tayala ndi petulo. Funsani amene ali kumbuyo kwa gulu kuti munthuyo waba chiyani, ambiri sadziwa.

Mu April 2016, anthu angapo ataphedwa mwankhanza kumbali ya George ndi Zingalume, kunamveka mphekesera yakuti ochita zimenezi ndi alendo. Mashopu ambiri a anthu ochokera ku Rwanda anathyoledwa ndi kuberedwa m'makomboni, mabanja anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Awiriwo anali a Zambia anzathu. Kumayambiriro kwa 2020 inabwera nkhani ya gassing, yoyambira ku Chingola mpaka kufika kuno. Sitinkagona. Anyamata anatseka misewu usiku, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu m'dziko muno. Mlendo wosochera njira, wodwala misala, munthu wonyamula chikwama chosadziwika, aliyense akanatha kufa. Palibe mmodzi mwa iwo amene anaimirira pamaso pa woweruza kuti ayankhe.

Tsono onani mmene Mulungu anatetezera ngakhale munthu amene waphadi mnzake. Numeri 35 imakamba za mizinda isanu ndi umodzi yothawirako, kuti wobwezera asamuphe munthuyo mlandu wake usanamveke pamaso pa msonkhano. Deuteronomo 19:15 imakana kutsutsa munthu ndi mboni imodzi, pafunika awiri kapena atatu. Voice note yotumizidwa pa WhatsApp, imene simudziwa ndi woiyamba yemwe, si mboni olo imodzi. Mu Machitidwe 19, ku Efeso, gulu linafuula pafupifupi maola awiri ndipo ambiri sankadziwa chimene asonkhanira. Amene anapulumutsa anzake a Paulo tsiku limenelo anali mlembi wa mzinda, munthu wa boma wosapembedza Yesu, amene anakumbutsa gulu kuti mabwalo a milandu alipo, wodandaula akasume kumeneko.

Ndikudziwa yankho lanu: "Tikamupeleka ku polisi, mailo timuona ayenda mu komboni." Zimachitika, ndipo zimapweteka. Nthawi zina ndi ziphuphu. Koma nthawi zinanso munthu watuluka pa bondi ya polisi, mlandu ukadalipo, ndiye mboni sizinapite ku khoti chifukwa aliyense ali bize ndi malonda, mlandu n'kuthera pomwepo. Ngati munaona, pitani mukachitire umboni. Mlandu suola. Ndipo kumbukirani kuti mwana wanu wamwamuna nayenso amayenda usiku pochokera ku piece work. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mkazi wamasiye ndi mafiriji

Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene lamulo limalowa m'nyumba mwathu mwenimweni.

Mukuidziwa nkhani yake. Bambo amwalira. Maliro asanathe, achibale afika kuchokera kumudzi kapena ku Copperbelt, maso ali pa firiji, TV, mipando, makina osokera ndi makiyi a nyumba. Ati ni vinthu va m'bale wathu. Mayi amene anaphwanya miyala ndi kugulitsa makala kuti nyumbayo ifike pa denga atsala ndi mphasa ndi ana asanu. Amene akuchita zimenezi nthawi zambiri ndi anthu opemphera, ena ndi a kwaya. Chikondi cha pa chibale chikakumana ndi katundu chimatha mphamvu, ndipo pamenepo mkazi wamasiye amafunika chinthu cholimba kuposa chifundo cha alamu ake.

Chinthucho chilipo kuyambira 1989. Dzina lake ndi Intestate Succession Act, lamulo la kagawidwe ka chuma cha munthu amene wamwalira osalemba wilu. Limati ana alandire 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20 peresenti, makolo a malemu 20 peresenti, ndipo 10 peresenti ipite kwa ena amene malemu ankawasunga. Tiyerekeze kuti malemu asiya K10,000: ana K5,000, mayi K2,000, makolo K2,000, osungidwa K1,000. Achimwene ndi achemwali a malemu amene sankasungidwa ndi iye mwawaona pa mndandanda umenewu? Palibe. Nyumba ndi ya mayi ndi ana, ndipo mayi ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso. Katundu wa m'nyumba ndi wa mayi ndi ana. Amene wasankhidwa kukhala administrator si mwini chuma, ndi wantchito chabe wogawa monga lamulo linenera, ndipo khoti likhoza kumufunsa kuti afotokoze ndalama iliyonse, likhozanso kumuchotsa. Kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit imene imaona nkhani zotere pamodzi ndi za nkhanza za m'banja, ndipo wosowa ndalama ya loya akhoza kupita ku Legal Aid Board.

Chenjezo kwa alongo: lamuloli limateteza mkazi wa ukwati, kaya wa ku khonsolo, kaya wa mwambo umene makolo a mbali zonse anaudziwa. Kungolowana n'kukhala pamodzi zaka khumi sikukupangani kukhala mkazi wake pamaso pa khoti. Ana adzalandira gawo lawo, koma inu mukhoza kutuluka opanda kanthu. Konzani zimenezi onse muli moyo. Ndipo abambo, kulemba wilu si kudziitanira imfa, musamange mzimu wa imfa pamene tikukamba za pepala. Mulembe, musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizilandira kanthu mu wiluyo, musunge pabwino.

Mu Numeri 27 muli ana aakazi asanu a Zelofehadi. Atate awo anamwalira opanda mwana wamwamuna, ndipo mwa mwambo wa nthawi imeneyo malo akanapita kwa ena. Atsikanawa sanakhale m'nyumba kulira chabe. Anapita pa bwalo, pamaso pa Mose, wansembe Eleazara ndi akuluakulu, nafotokoza mlandu wawo. Mose anautengera kwa Mulungu, Mulungu anati atsikanawa akunena zoona, ndipo kuyambira tsiku limenelo lamulo la cholowa mu Israyeli linasintha. Kukasuma si kusowa chikhulupiriro. Mkazi wamasiye wa mu Luka 18, amene Yesu anamupereka ngati chitsanzo cha kupemphera kosaleka, anali mayi wopita ku khoti mobwerezabwereza mpaka woweruza anatopa naye.

Nanga boma likalakwa?

Wina afunsa: a busa, ndiye mukuti tizingoti inde bwana pa chilichonse? Aroma 13 imatiuza kumvera olamulira ndi kulipira msonkho, ndipo Paulo analemba zimenezi mfumu ya Roma ili Nero, osati munthu woyera. Koma ndime yomweyo imatchula wolamulira kuti ndi mtumiki, woikidwa kuti achitire anthu zabwino ndi kulanga ochita zoipa. Mtumiki ali ndi bwana, ndipo ali ndi malire. Deuteronomo 17 imalamula mfumu kukopera buku la Chilamulo ndi kumaliwerenga masiku onse, kuti isadzione yoposa abale ake. Ahabu anali mfumu, koma sanathe kungotenga munda wa Naboti, chifukwa lamulo la cholowa linali kumbali ya Naboti. Yezebeli anachita kugula mboni zabodza ndi kupotoza bwalo, ndipo Mulungu anatuma Eliya (1 Mafumu 21). Boma lopanda lamulo pamwamba pake limasanduka kada wamkulu kuposa onse.

Paulo yemweyo ankadziwa ufulu wake ndipo ankaugwiritsa ntchito. Ku Filipi atamukwapula popanda mlandu kuzengedwa, m'mawa akuluakulu anafuna kumutulutsa mwakachetechete. Anakana, anati abwere okha adzatitulutse (Machitidwe 16). Ku Yerusalemu anafunsa msilikali ngati ndi zololedwa kukwapula nzika ya Roma isanaweruzidwe, zingwe zinamasulidwa. Ndiye inunso dziwani zanu. Bondi ya polisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mulipire akukuberani. Wapolisi akakuchitirani nkhanza kuli Police Public Complaints Commission, wa ziphuphu kuli Anti-Corruption Commission. Koma amene amapereka "ya drink" kuti mlandu wa mwana wake usowe asadzadandaule tsiku limene wina adzapereka yochuluka kuti mlandu wa mwana wake wogwiriridwa usowe.

Dziko lathu lili ndi chitsanzo chabwino pa nkhaniyi. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mipingo yambiri ya Pentekoste inamukonda. Koma mu 2001, pamene kunali kampeni yosintha Constitution kuti aimenso kachitatu, mabungwe aakulu a mipingo, kuphatikizapo Evangelical Fellowship of Zambia, anagwirizana ndi Law Association of Zambia ndi mabungwe a amayi mu Oasis Forum, nakana. Chiluba sanaimenso. Kukhala m'bale mwa Ambuye sikunamuike pamwamba pa lamulo. Ndipo katatu, mu 1991, 2011 ndi 2021, chipani cholamula chagonja pa chisankho n'kuchoka popanda nkhondo. Musachione chopepuka chimenechi. Funsani abale a ku Congo amene timapemphera nawo, amene anathawa madera kumene mfuti ndiyo khoti, akuuzeni mtengo wake wa kugona usiku wonse osamva kulira kwa zipolopolo.

Ilipo nthawi yokana. Anamwino a ku Ejipito anakana kupha ana aamuna, Danieli anakana kusiya kupemphera, Petro ndi Yohane anakana kusiya kulalikira. Koma onani kuti onsewa anakana lamulo lowauza kuchimwira Mulungu, ndipo Danieli, Petro ndi Yohane anakana poyera, okonzeka kulandira chilango. Kulumikiza malaiti a ZESCO mwakuba si Danieli. Kutaya zinyalala mu ngalande usiku si Petro ndi Yohane. Kugulitsa kachasu kwa ana a sukulu, kumanga pa njira ya madzi, kukwatitsa mtsikana wosafika zaka 18, palibe vesi imene ingakuimireni. Ifenso a mpingo zikutikhudza: zokuzira mawu zathu pa overnight zimafika m'nyumba mmene muli wodwala, khanda ndi mlonda amene wagwira ntchito usiku watha. Neba akadandaula, si chiwanda chimene chikukamba mwa iye.

Yeremiya 29 inalembedwa kwa anthu okhala mu mzinda umene sanaukonde, pansi pa boma limene sanalisankhe. Mulungu anawauza kumanga nyumba, kulima minda, kufunira mzindawo mtendere ndi kuupempherera, poti mtendere wawo unali womangika ku mtendere wa mzindawo. Ife tili pabwino kuposa iwo chifukwa tili ndi voti ndi pakamwa. Kuyambira 2022 ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Zopempha za ntchito za chitukuko zimadutsira ku Ward Development Committee. Kodi mukudziwa amene akuimira zone yanu mu komiti imeneyo? Munapitapo ku msonkhano wake olo kamodzi? Ngati opemphera sapita, amapita ena, ndipo ngalande yanu siilembedwa.

Za sabata ino

M'ma cell a Lachinayi werengani Oweruza 18 ndi Numeri 27, ndipo mukambirane funso ili: mu line yathu, ndani amene alibe womuimira? Popemphera tsatani 1 Timoteo 2:1-2. Tchulani Pulezidenti, MP ndi khansala, kaya munawavotera kaya ayi, ndipo musaiwale apolisi a pa post yathu, oweruza a ku Local Court, manesi a ku kiliniki ndi anyamata otola zinyalala.

Amene mukufuna kugula puloti kapena nyumba, musapereke ndalama pa kalata ya a chairman yokha. Yambani mwapita ku Civic Centre mukafunse ngati malowo ndi ovomerezeka ndiponso ali mu dzina la ndani.

Ndipo mayi kapena mwana wamasiye aliyense amene walandidwa katundu, kapena akuopsezedwa kuti achoke m'nyumba, aonane ndi mtsogoleri wa cell yake Lamulungu lisanafike kuti tipeze womuperekeza ku Victim Support Unit. Mutenge NRC yanu, chikalata cha imfa kapena cha maliro, makadi a ana a ku kiliniki kapena zikalata zawo za kubadwa, ndi pepala lililonse la nyumba limene muli nalo, olo likhale lakale long'ambika.